M'mimba mwa Pamtundu

Pa shopu ya a Sofa anthu ankagwira ntchito atatseka pakamwa, koma si kuti anali ofatsa ayi. M'kamwamo munkakhala misomali. Wokonza mipando weniweni, malinga ndi chiphunzitso cha a Sofa, satola msomali ndi zala ngati akusankha mpunga. Amatapa timisomali m'chitini n'kutiponya m'kamwa, lilime n'kumatulutsa kamodzikamodzi, mutu kutsogolo, hamala ya maginito n'kukatengera pamlomo pomwepo, khoo pathabwa. Nthawi yonseyo dzanja lamanzere limakhala likukoka nsalu kuti isachite makwinya. Mpando ukatha, timisomali totsala amatilavulira m'chitini momwemo kuti mnzake atape. Chitinicho chinali chimodzi, chakuda ndi ukalamba, ndipo anachisiya ndi bambo awo a Sofa.

Ogwira ntchito anali apachibale okhaokha. Panali a Sofa eni ake, amene dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Panali ang'ono awo, a Siponji, odula siponji ndi kumanga masipuling'i, munthu wokonda kuseka ndi kabotolo ka Loweruka. Panali mwana wamkazi wa a Sofa, Wamakina, amene ankasoka nsalu za mipando koma misomali anaiphunzira asanathe n'komwe kulemba dzina lake. Ndiye panali mkamwini, mwamuna wa Wamakina, amene anabwera ngati woyendetsa kagalimoto kokaperekera mipando, n'kuzolowera mpaka naye anayamba kutapa m'chitini.

Kupatula chitinicho, banjali linali ndi cholowa china chimene linkanyadira, ndicho m'mimba. Dzuwa likangokwera pang'ono, tiyi wam'mawa atatsika, mumamva a Siponji ageya kuseri kwa mulu wa siponji, Wamakina n'kuyankha ali pa makina, a Sofa n'kutsekera ndi liwu lalikulu la mwini shopu. Chilungulira chinali chawo, kutupa kwa mimba kunali kwawo, ndi kuwotcha kuja kwa pansi pa chifuwa kumene kumayamba munthu akakhala ndi njala. Aliyense ankayenda ndi kapepala ka soda m'thumba ngati fodya.

“Ifetu timabadwa namo,” a Siponji ankauza makasitomala monyada. “Agogo athu anali namo, bambo athu anali namo. Mwana akakula osadandaula m'mimba, timayamba kuwayang'ana mayi ake.”

Mkamwini yekha ndiye anali kunja kwa mpanda. Iyeyo ankadya tsabola ngati ndiwo, ankamwa tiyi wopanda mkaka mimba ili pululu, osamva kanthu. Anam'patsa dzina loti Chitsulo. Ankaseka nawo, koma zinkamuwawa ndithu, chifukwa nkhani ya m'mimba ikayamba pa nkhomaliro iye ankangokhala duu ngati mlendo pa mlandu wa eni mudzi.

Chimene palibe ankadziwa n'chakuti a Sofa anali atasiya kuseka mumtima. Chaka chimenecho anali atafika msinkhu umene bambo awo anamwalira nawo, ndipo m'mimba mwawo munali mutasintha nyimbo. Soda sankagwiranso. Lamba anali atamuboola bowo latsopano ndi chisongole cha pa shopu, ali okha. Tsiku lina anaona chimbudzi chawo chili bii ngati phula. Anakumbukira bambo awo m'miyezi yomaliza, atakhala pa kampando pakhomo la shopu, malaya akulendewera pamapewa, akukankha mbale n'kunena kuti akhuta asanadye. A Sofa anali ndi mantha, mantha enieni a munthu amene waona njira yake ndi pothera pake. Anali otsimikiza kuti chaka chamawa sachiona.

Sanauze munthu. Za pamtundu ungakazitule kwa yani? M'malo mwake anayamba kum'panikiza mkamwini ndi maphunziro. Ankamutenga kogula matabwa n'kumuonetsa mmene amanunkhizira thabwa losauma. Ankamuuza makasitomala oyenera kuwasekerera ndi oyenera kuwasekerera uku ukuwerenga zala zako.

“Abambo, bwanji mukundithamangitsa chonchi ngati mawa mukusamuka?” anafunsa mkamwiniyo.

“Khoma msomali, usandifunse mafunso,” anatero a Sofa.

Ndiye linafika tsiku la chikondwerero. Inali nkhomaliro, onse atakhala pa sofa ya kasitomala wina imene inali isanavekedwe nsalu. Mayi a kunyumba, akazi awo a Sofa, anali atabweretsa chakudya, mdzukulu ali kumsana. Wamakina anam'sunthira mwamuna wake kabotolo ka tsabola monga mwa masiku onse. Mkamwini anakayang'ana, n'kukabweza. Kenako anagwira pansi pa chifuwa, nkhope n'kukwinyika, ndipo anageya kugeya kwautali, kochokera pansi penipeni.

 Woyamba kudzuka anali a Siponji.

“Bwereza!” anakuwa.

“Abambo aang'ono, musaseke. Yatha miyezi mukundiwotcha muno. Ndimangobisa.”

“Kubisa? Chinthu chabwino ngati chimenechi?” A Siponji anam'kumbatira mpaka kumunyamula. “Achimwene, mwamva? Chitsulo chachita dzimbiri! Mwana uyu ndi wathu tsopano!”

Anamukhazika pa mpando wabwino kuposa yonse m'shopumo, wa nsalu yofiira, umene mwini wake anali asanautenge. A Siponji anang'amba kapepala kawo ka soda pakati, n'kum'patsa theka ndi manja awiri. Anasungunulira sodayo m'kapu ya pa ndowa, kapu imodzi yomweyo imene onse ankamwera, ndipo mkamwini anagugudiza anthu akuwomba m'manja. Misozi inalengeza m'maso mwake, ya ululu ndi ya chimwemwe pamodzi. Ngakhale a Sofa anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koyamba pa miyezi yambiri.

Mayi a kunyumba ndi amene anathira madzi pamoto. Iwowa m'mimba simunawavutepo, ndipo nthabwala za pamtunduzi ankazimva ngati phokoso la mvula padenga.

“Inu anthu mitu yanu ili bwino?” anafunsa uku akuuzira phala la mdzukulu, n'kulilawa pa supuni, n'kumudyetsa. “Mwana wa eni ake akudwala, inu mukuvina. Ndipo tandiuzeni, magazi anuwo iyeyu wawatenga kuti? Munam'bereka ndinu?”

“Alamu, chikondi chimapatsirana,” anatero a Siponji, anthu n'kusekanso.

Koma a Sofa funsolo linawakhala pamtima. Madzulo onse ankakhoma misomali mokhota. Ngati matendawa ndi a m'magazi, afika bwanji mwa munthu amene makolo ake sanawaonepo n'komwe shopuyi? Ndipo ngati si a m'magazi, ndiye kuti amachita kulowa. Chinthu cholowa chimakhala ndi khomo. A Sofa anaopa kuganiza mopitirira pamenepo, chifukwa chiyembekezo nacho chimawawa chikakhala chabodza.

M'mawa mwake anavala jekete n'kuuza mkamwini kuti, “Tiye kuchipatala. Ine ndingokuperekeza, ungasochere.”

Mkamwini, amene ankadziwa msewu uliwonse wa m'tauniyo chifukwa cha kagalimoto kaja, anangowatsatira.

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anamvetsera madandaulo a mkamwini, n'kumudina pamimba, kenako anafunsa ngati kunyumba kuli wina wa vuto lomweli.

“Onse, adokotala,” anayankha mkamwini, ndipo munali kunyada m'mawu ake. “Ndi za pamtundu. Ineyo ndangolowa kumene.”

Dokotala anayang'ana pamwamba pa magalasi, maso n'kukaima pa woperekeza uja amene anakhala pakona, chipewa chili pamaondo, jekete likuoneka ngati lobwereka.

“Nanga inu bambo, thupi linayamba liti kutsika?”

A Sofa anafuna kunena kuti iwo angoperekeza. Koma akuluakulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula, ndipo iwo maliro ankawaona kale pakhomo. Ananena zonse, za lamba, za chimbudzi chakuda, za bambo awo. Mkamwini anangoti kukamwa yasa.

“Chabwino,” anatero dokotala. “Sindinakuyezeni, koma ndikukayikira kachilombo kena, bakiteriya wotchedwa Helikobakita. Anthu ochuluka zedi ali nako ndipo ambiri sakudziwa, chifukwa si onse amene kamawadwalitsa. M'mimba mwa munthu muli asidi wogaya chakudya, woopsa kwambiri, koma khoma la mimba lili ndi chinthu choterera chimene chimaliteteza. Kachilomboka kamabisala m'choterera chomwecho, n'kumatupitsa khomalo pang'onopang'ono kwa zaka. Chitetezo chikachepa, asidi uja amayamba kudya mimba yomwe. Ndiye chilungulira, kuwotcha, kenako chilonda. Chilonda chikatuluka magazi, chimbudzi chimada.”

“Ndiye si zobadwa nazo?” anafunsa a Sofa.

“Munthu sabadwa nako. Koma kamakonda kuyenda m'banja, n'chifukwa chake kamaoneka ngati ka pamtundu. Kamadutsa m'malovu, m'masanzi, m'manja osasamba bwino pochokera kuchimbudzi, m'madzi ndi m'chakudya chosasamalika. Ambiri amakatenga ali ana, kwa amene amawalera. Kodi kunyumba kapena kuntchito kwanu pali chimene mumagwiritsa ntchito nonse, chopita pakamwa?”

A Sofa ndi mkamwini anayang'anana. Mkamwini anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa timisomali tingapo. Pofuna kuti dokotala amvetse bwino, anatiponya m'kamwa, n'kutulutsa kamodzi pamlomo mwaluso ndithu, moti a Sofa anagwedeza mutu kuyamikira. Kenako anafotokoza za chitini, ndi za kulavuliramo totsala.

Dokotala anaika cholembera pansi. Anavula magalasi. Anayesetsa kudzigwira, koma phwete linamupulumuka.

“Pepani,” anatero akupukuta m'maso. “Zaka zonsezi ndamva za supuni, za kapu, za mayi kutafunira mwana. Za misomali ndiyamba lero. Sindingalumbire kuti n'chitinicho chokha. Mwinanso mkamwini wanuyu anali nako kuyambira ali mwana, kangodzuka tsopano. Koma chitinicho chilekeni, ndipo aliyense akhale ndi kapu yake.”

A Sofa sanaseke nawo. Anafunsa funso limene anabwera nalo.

“Adokotala, bambo anga anapita nawo matendawa. Anauma ngati nkhuni.”

“Mwa anthu ochepa, kachilomboka kakakhala zaka zambiri osachizidwa kamatha kuyambitsa khansa ya m'mimba,” anayankha dokotala mosabisa. “Mwina ndi zimene zinachitikira bambo anu, sindingadziwe. Za inu sitilota, tiona ndi maso. Tilowetsa kapaipi ka kamera kukhosi, titengeko kanyama pang'ono tikayeze. Enawo abwere onse, tiyeze chimbudzi chawo.”

Nkhani ya kuyeza chimbudzi inafika pa shopu ngati bomba. A Siponji analumbira kuti iwo, munthu wamkulu wa ndevu zake, sangayende mumsewu atanyamula zoterozo m'kabotolo. Anapita ndithu, kabotolo atakakulunga m'siponji, n'kukaika m'bokosi, bokosilo m'chikwama, akuyenda mwaulemu ngati anyamula mazira. Mayi a kunyumba anati iwo apita kungoti awachititse manyazi odwalawo.

Zotsatira zinatuluka kuti onse ali nako: mkamwini, Wamakina, a Siponji, ndi mayi a kunyumba omwe.

“Ine?” anatero mayiwo. “Ine amene sindinageyepo pagulu chibadwire?”

“Takulandirani, alamu,” anatero a Siponji akuwapatsa mpando. “Munali wathu mobisa.”

 Mayiwo anayang'ana mdzukulu amene ankakwawa pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo kuyambira tsiku limenelo phala ankaliyesa kutentha podontheza padzanja.

Za a Sofa zinachedwerapo, chifukwa kanyama kaja kanapita kokayezedwa kwina. Masiku amenewo anali aatali. Ankafika pa shopu, kugwira hamala, n'kuiwala chimene amafuna kukhoma. Atawaitana, analowa m'chipinda cha dokotala.

“Chilonda chilipo, ndipo n'chachikulu ndithu,” anatero dokotala. “N'chimene chinkatulutsa magazi. Koma khansa palibe, bambo. Ichi n'chilonda chochizika. Mumwa mankhwala opha kachilomboka pamodzi ndi ochepetsa asidi kwa masabata awiri, osadumphitsa, ngakhale mutamva bwino. Ochepetsa asidiwo inu mupitiriza kwa kanthawi kuti chilonda chipole. Kenako mudzabwere tidzaone ngati kafadi.”

A Sofa anathokoza mwaulemu, n'kutuluka, n'kukakhala pa benchi ya panja. Anakondwa, inde, koma mtima sunafune kukhulupirira msanga. Munthu amene wakhala akulongedza katundu mumtima mwake kwa chaka samasula tsiku limodzi.

Nyumba yonse inalowa m'mankhwala nthawi imodzi, ndipo kunali kudandaula kosaneneka. Mapiritsi anali ambiri, ena aakulu ngati nyemba. Wamakina ankati akumuchititsa nseru. A Siponji atamva kuti kabotolo ka Loweruka n'koletsedwa mpaka amalize, anakhala tsiku lonse osayankhula ndi munthu, ngati wofedwa. Chodabwitsa n'chakuti mankhwalawo ankasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa.

“Mwaona?” anatero a Siponji atayambanso kuyankhula. “Atilanda misomali n'kutipatsa ya m'mapiritsi.”

Mayi a kunyumba ndiwo anali kapitawo. M'mawa ndi madzulo ankaima pakhomo ndi jagi ya madzi owiritsa, aliyense kumeza iwo akuona, amuna awo kuwayang'ana mpaka pansi pa lilime. Pa mpopi wa kuseri kwa shopu anamangirirapo sopo m'kathumba ka ukonde. Pa ndowa panapachikidwa makapu osiyana mitundu, ndipo a Siponji anasankha yaikulu kuposa onse.

Mkamwini anabwera ndi makina okhomera, aja amalavula timawaya ukangofinya. A Sofa anawatembenuza uku ndi uku monyansidwa, n'kunena kuti chimenecho n'chida cha anthu aulesi. Anadzipezera kachitini kawokawo kokhala ndi chivindikiro, n'kumatola timisomali ndi zala, pang'onopang'ono, ngati wophunzira. Koma pakamwa pa anthu patamasuka, shopu inasanduka ina. Zinadziwika kuti mkamwini ndi wankhani zosatha, kuti Wamakina amayankha bambo ake mawu aliwonse, ndiponso kuti a Siponji amaimba, moipa kwambiri, nyimbo zachikondi za pa unyamata wawo. Makasitomala ena ankabwera kudzafunsa za mipando yawo n'kukhala mpaka nkhomaliro.

Kuwotcha kuja kunayamba kuzilala. Tsiku lina a Sofa anazindikira kuti dzuwa lafika pamutu iwo osaganizako za m'mimba. Tsiku lina anapempha chakudya chowonjezera, akazi awo n'kuwaikira m'mbale. Mkamwini anabwerera ku tsabola wake, ngakhale anadandaula kuti umembala wake wa pamtundu sunakhalitse.

Nthawi yokayezedwanso itakwana, onse anapezeka kuti kachilombo katha. A Sofa, amene anafunika kuonedwanso ndi kamera ija, anapita komaliza, ndipo akazi awo anati awaperekeza. Dokotala anawaonetsa chithunzi cha m'mimba mwawo. Pamene panali chilonda panangotsala kachipsera.

“Kachilombo kafa, chilonda chapola,” anatero. “Pitani mukakalambe, bambo.”

Anatuluka pachipata cha chipatala. Msewu unali wodzaza, ogulitsa akuitanira malonda, basi ikuliza hutala. Atayenda kamtunda, a Sofa anakonza kukhosi.

“Mayi, pali chimene sindinakuuzeni. Ine chaka chino ndinkaona ngati ndikupita. Ngati mmene anapitira bambo.”

“Mukuyesa sindinkadziwa?” anayankha mayiwo osawayang'ana. “Amachapa zovala zanu ndani? Ndinkangodikira kuti munthuyu adzandiuza liti, kapena ndidzamvera kwa anthu obwera kudzalira.”  Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenako anawamenya amuna awo paphewa ndi kachikwama, kumenya kwenikweni. “Mudzabwerezenso muone.”

A Sofa anaseka, ndipo kusekako kunakana kutha. Anaseka mpaka anthu odutsa anayamba kucheuka. Ankamva njala, ankamva dzuwa pamsana, ndipo zonsezo zinkawakomera ngati zachilendo.

Pafupi ndi pokwerera basi panali sitolo ya nsapato. A Sofa anaima, n'kuyang'ana kumapazi kwawo. Nsapato zimene anavala zinali zitang'ambika m'mbali, chidendene chitadyeka mbali imodzi. Akazi awo anali atalankhula za nsapatozo mpaka kutopa, iwo n'kumangoti zikadali bwino. Zoona zake zinali zakuti sankaona chifukwa chogulira nsapato zimene sadzazitha.

Analowa. Wogulitsa anawabweretsera zopepuka, zofewa, n'kunena kuti zimenezo ndiye zimawakhala bwino achikulire.

A Sofa anazitembenuza, n'kudina pansi pake ndi chala monga amayesera thabwa, n'kuzibweza.

“Izi zitha msanga, mwanawe,” anatero. “Ndipatse zachikopa, zapansi pokhuthala. Zoti ndiyende nazo zaka.”